Wothawa kwawo amve yekha, m'chiyankhulo chake

Chiyambireni chaka cha 2025, pamene mayiko olemera, makamaka dziko la America, adadula kwambiri ndalama zothandizira anthu ovutika m'mayiko ena, mabungwe oyang'anira misasa ya anthu othawa kwawo akhala ali pa ntchito yowawa yosankha zoti asiye ndi zoti apitirize. Mtsutso womwe wabuka ndi wosavuta kuumva. Ambiri akuti nthawi ya chilala ngati ino kandalama kalikonse kapite ku chakudya, madzi ndi mankhwala, ndipo zinthu monga omasulira, mawayilesi a m'misasa ndi zikalata zolembedwa m'ziyankhulo zosiyanasiyana zidikire kaye mpaka zinthu zitayambanso kuyenda. Ine sindikugwirizana nazo. Munthu wokhala mumsasa ayenera kumva nkhani zokhudza moyo wake m'chiyankhulo chomwe adayamwa, kuchokera pakamwa pa munthu yemwe angathe kumufunsa mafunso, ndipo ntchito yofikitsa uthenga wotere iyenera kukhala pamndandanda umodzi ndi chakudya ndi madzi, pa zinthu zosakhudzidwa ngakhale thumba litaphwa chotani. Ndikuwonjezeranso kuti gawo lalikulu la ntchitoyi liyenera kukhala m'manja mwa othawa kwawo eni ake. Ndifotokoza chifukwa chake, ndipo otsutsa ndiwapatsa mpata wawo, pakuti zina mwa zomwe akunena zili ndi mutu.

Choyamba tigwirizane kuti msasa ndi chiyani. Tikamati "othawa kwawo" timakhala ngati tikunena za fuko limodzi, la mfumu imodzi ndi chiyankhulo chimodzi, chonsecho chomwe chimawalumikiza anthuwa ndi tsoka lokha. Msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa ku Malawi udatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale padali ndende ya akaidi a ndale. Udakonzedwa kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochokera ku Somalia ndi Ethiopia. Ku Kakuma, kumpoto chakumadzulo kwa Kenya, msasa womwe udayamba mu 1992 posunga ana othawa nkhondo ya ku Sudan, lero Mdinka, Mnuer, Msomali, Muoromo ndi Mkongo amatunga madzi pampopi umodzi. Ngakhale anthu ochokera dziko limodzi sakhala amodzi pa chiyankhulo. Dziko la Congo lokha lili ndi ziyankhulo zoposa 200. Wa ku Kinshasa amayankhula Chilingala, wa ku Kasai Chiluba, wa ku Uvira kapena Bukavu Chiswahili, ndipo Chiswahili chakecho chimasiyana ndi cha ku Dar es Salaam m'mawu ambiri, mwakuti chikalata cholembedwa ndi mphunzitsi wa ku Tanzania chingathe kumudutsa pambali. Pamwamba pa ziyankhulo pali zipembedzo, pali miyambo ya yemwe amayankhula pagulu ndi yemwe amakhala chete, pali nkhani zomwe mayi sangazitchule pamaso pa bambo wachilendo, ndipo pali mafuko omwe kwawoko adasiyana ataphana.

Kwina vutoli limabwera ndi nkhope ina. A Rohingya oposa 700,000 omwe adathawa ku Myanmar kuyambira mu Ogasiti 2017 n'kukadzaza misasa ya ku Cox's Bazar ku Bangladesh ndi anthu a chiyankhulo chimodzi, koma ambiri amangochiyankhula, sachilemba, ndipo palibe kalembedwe kamodzi komwe onse amakadziwa. Mabungwe adadalira kwambiri anthu a m'deralo oyankhula chiyankhulo cha ku Chittagong poganiza kuti amamvana ndi alendowo pa zonse, koma zidadziwika kuti ziyankhulo ziwirizi ndi zapachibale chabe, ndipo pa mawu ena ofunika, makamaka a zachipatala, zimasemphana. Pamalo otere pepala, kaya lilembedwe mokongola bwanji, silifika kutali. Chimene chimafika ndi mawu apakamwa, chimkuzamawu, wayilesi ndi munthu woyenda khomo ndi khomo.

Tsono taganizirani bolodi la zidziwitso lomwe limakhala panja pa ofesi mumsasa wina uliwonse. Pepala lamatidwa m'mawa, lolembedwa m'Chingerezi, mwina ndi Chifalansa m'munsi mwake, chidindo chili pakona. Anthu aunjikana. Kutsogolo kuli anyamata omwe adapitako kusukulu, ena akuwerenga, ena akujambula pepalalo ndi foni. Kumbuyo kuli mayi wobereka mwana, yemwe adathawa kumudzi kwawo asanaphunzire kulemba dzina lake. Akukoka malaya a mnyamata wina n'kufunsa kuti, "Mwanangu, akuti chiyani?" Mnyamatayo ali pachangu, ndiye akungoti, "Akuti kalembera Lachinayi, mayi." Sadaname. Koma sadanene kuti pepalalo likuti banja lonse lifike, ana omwe, ndi zitupa zonse, komanso kuti wosaonekera dzina lake liyamba laimitsidwa pamndandanda wolandira thandizo. Lachinayi mayi uja akupita yekha, ana atawasiya ndi mnzake woyandikana naye nyumba. Mwezi wotsatira akupeza kuti gawo la banja lake lachepa, ndipo sakudziwa chomwe walakwa. M'mabuku a ofesi mwalembedwa kuti uthenga udaperekedwa kwa anthu onse, ndipo wolembayo adalemba ndi mtima woyera.

Nkhani zomwe zimadutsa pabolodi lotere si zazing'ono. Ndi tsiku lolandira chakudya kapena ndalama zake, ndi kusintha kwa kuchuluka kwake. Ndi katemera wa ana, ndi chenjezo la kolera. Ndi momwe mlandu wa munthu wopempha chitetezo ukuyendera, tsiku lokafunsidwa mafunso, ndi masiku omwe ali nawo ochita apilo akakanidwa. Koposa zonse ndi nkhani yosamutsidwira ku dziko lachitatu (losakhala kwawo kapena komwe adathawira), yomwe imasowetsa tulo anthu ambiri m'misasa. Zoona zake n'zakuti pa othawa kwawo 100 aliwonse padziko lapansi, opeza mwayi umenewu pachaka sakwana ngakhale mmodzi, ndipo mu Januwale 2025 dziko la America lidaimitsa ndondomeko yake yolandira othawa kwawo. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR limanena mobwerezabwereza kuti thandizo lake lonse ndi laulere. Koma munthu yemwe sadamvepo mawu amenewa m'chiyankhulo chake ndi nyama ya akathyali. Amagulitsa kanjinga kake, amakongola kwa abale ali kunja, n'kupereka ndalama kwa munthu wovala bwino yemwe wamulonjeza kuti dzina lake "likankhidwa". Wakubayo amayankhula chiyankhulo cha wobedwayo mosadodoma, pamene ofesi yoona imayankhula chiyankhulo chachilendo. N'zosadabwitsa kuti wokhulupiriridwa amakhala wakubayo.

Kumbali ya malamulo nkhaniyi idatha kalekale. Gawo 19 la chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofunafuna, kulandira ndi kufalitsa nkhani posayang'ana malire a mayiko. Silinena kuti nzika yokha. Pangano la othawa kwawo la mu 1951 limapatsa wothawa kwawo ufulu wopita kukhoti, ndipo limaletsa kumubweza kumalo komwe moyo wake uli pangozi. Koma ufulu womwe mwini wake sadaumvepo ndi wa m'kabati. Munthu sangachite apilo yomwe sakudziwa kuti ilipo, ndipo akamati wavomera "kubwerera kwawo mwa kufuna kwake" atasayina pepala lomwe sadalimve, mawu akuti kufuna kwake alibe tanthauzo.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo ndi yolemera kuposa zonse. Iwo akuti pamene bungwe la United Nations loona za chakudya la WFP lakhala likuchepetsa chakudya m'misasa yambiri ya mu Africa, n'kulakwa kulipira womasulira mwana akugona ndi njala. Ndikuimva mfundoyi, ndipo ndikanakhala kuti ndikusankhadi pakati pa thumba la ufa ndi pepala, ndikanasankha ufa. Komabe kusankha kwake sikuli chomwecho. Uthenga ndi njira yomwe ufawo umadzera kuti ufike pakhomo loyenera. Mayi wa pabolodi uja chakudya chake chidalipo, chidagulidwa kale, koma sichidamufike chifukwa cha ziganizo ziwiri zomwe sadazimve. Mankhwala operekedwa kwa munthu yemwe sadamve kuti amwe kangati patsiku ndi ndalama zotayika, ndipo wodwalayo abweranso atafooka, n'kudya ndalama zambiri kuposa poyamba. Mliri wa Ebola kum'mawa kwa Congo pakati pa 2018 ndi 2020, womwe udapha anthu oposa 2,200, udaonetsa zimenezi poyera: mauthenga ambiri adali m'Chifalansa ndi m'Chiswahili cha m'mabuku, pamene anthu ambiri a m'madera okhudzidwawo amayankhula Chiswahili cha kwawoko ndi Chinande, ndipo komwe uthenga sunkamveka, mantha ndi kukayikira achipatala zidakula. Kuwonjezera apo, nthawi yomwe thandizo likuchepa ndi yomwe kufotokoza kumafunika kwambiri. Anthu akangopeza kuti gawo lawo ladulidwa popanda wowauza chifukwa, amaganiza kuti wina waba, ndipo wokayikiridwa woyamba amakhala mnansi wa fuko lina yemwe amagwira ntchito pamalo ogawira. Mkangano wotere umadya zambiri kuposa malipiro a omasulira khumi.

Mfundo yachiwiri ndi yomwe ndimaimva kawirikawiri kwa anthu a mtima wabwino. Akuti kugwiritsa ntchito ziyankhulo zambiri kumalimbikitsa magawano, ndipo ndi bwino kusankha chiyankhulo chimodzi, kaya cha dziko lolandira alendowo kaya Chingerezi, kuti aliyense achiphunzire ndipo anthu akhale amodzi. Mbali ina ya mfundoyi ndikuivomereza ndi mtima wonse. Mwana wokulira mumsasa ayenera kuphunzira chiyankhulo cha dziko lomwe akukhala, chifukwa mayeso, ntchito ndi ubwenzi zili mmenemo, ndipo ana ambiri amachitola okha pabwalo lamasewera. Koma kuphunzira chiyankhulo kumatenga zaka, pamene kolera amapha m'maola ochepa. Gogo wa zaka 70 yemwe wafika dzulo atayenda milungu ingapo sangauzidwe kuti ayambe wapita kusukulu ya kwacha kuti adziwe komwe kuli chipatala. Komanso tisaiwale kuti chiyankhulo chosankhidwacho chimakhala kale cha ena mumsasamo. Mukasankha Chifalansa mwakweza ophunzira a ku Congo ndi Burundi, n'kusiya Msomali panja. Mukasankha Chiswahili mwakondera ochuluka, ndipo banja lochokera ku Ethiopia likhala likumva zonse mochedwa, zitadutsa m'makutu atatu. Choncho chiyankhulo chimodzi chimagawa anthu pawiri, omva msanga ndi omva mochedwa, ndipo omva msanga ndi omwe amapeza timaganyu ta m'mabungwe, malo a sukulu ndi mipando ya m'makomiti. Magawano omwe tikuopawo amakulira pamenepa.

Umodzi weniweni ndimauona kwina. Ku Dzaleka kuli wayilesi ya Yetu, yomwe idayamba kuwulutsa mawu mu 2018 m'ziyankhulo zingapo, kuphatikizapo Chiswahili, Chifalansa, Chingerezi ndi Chichewa, kuti anthu a mumsasa ndi a m'midzi yozungulira azimvera malo amodzi. Kulinso chikondwerero cha Tumaini, chomwe adachiyambitsa mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, ndipo chimakoka anthu zikwizikwi ochokera kunja kwa msasa kudzaonera magule, nyimbo ndi ndakatulo za mafuko osiyanasiyana. Palibe yemwe adauzidwa kuti asiye chiyankhulo chake pachipata kuti zimenezi zitheke. Munthu akamva chiyankhulo chake pawayilesi imodzimodziyo yomwe ikuyankhulanso cha mnansi wake, amadziwa kuti onse awiri awerengedwa, ndipo amamva kuti zomwe wauzidwa iye ndi zomwenso wauzidwa mnzakeyo.

Mfundo yachitatu ndi ya chitetezo, ndipo pano ndikufuna kukhalitsapo chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Otsutsa amakumbutsa za wayilesi ya RTLM ku Rwanda, yomwe mu 1994 inkatchula mayina a anthu ndi malo omwe abisala kuti akaphedwe, ndipo ena mwa oyambitsa ake khoti la mayiko ku Arusha m'dziko la Tanzania lidawapeza olakwa mu 2003. Amakumbutsanso kuti m'misasa yozungulira mzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo, anthu omwe adatsogolera kuphana kwa ku Rwanda kuja ndi omwe adalanda ulamuliro, n'kumaopseza anzawo kuti akabwerera kwawo akaphedwa. Ndiye amafunsa kuti, mukapereka maikolofoni kwa anthu omwe abwera ndi zilonda za nkhondo, mukudziwa bwanji kuti sakolezera moto womwewo? Funsoli ndi loyenera. Koma tiyeni tione zomwe zidachitika m'dera lomwelo m'miyezi yomweyo. Anthu omwe adaona kuipa kwa RTLM sadanene kuti othawa kwawo asamverenso wayilesi. Mu 1994 ku Bukavu kudatsegulidwa wayilesi ya Agatashya kuti ipereke nkhani zoona kwa othawa nkhondo. Chaka chomwecho BBC idayamba pulogalamu ya m'Chinyarwanda ndi Chirundi yomwe inkawerenga mayina a ana osochera kuti makolo awapeze. Mu 1995 bungwe la Jesuit Refugee Service lidakhazikitsa Radio Kwizera ku Ngara m'dziko la Tanzania, pafupi ndi misasa ikuluikulu. Onsewa adazindikira kuti atsogoleri oipa a m'misasa ankalamulira anthu chifukwa adali okhawo okhala ndi nkhani, ndipo njira yowalanda mphamvu idali kubweretsa liwu lina lodalirika m'chiyankhulo chomwecho.

Njira inayo, yotseka, idayesedwanso ndipo zotsatira zake tikuzidziwa. Mu Seputembala 2019 boma la Bangladesh, ponena za chitetezo, lidaletsa kugulitsa ma SIM card kwa a Rohingya ndi kuchepetsa mphamvu ya intaneti m'misasa ya ku Cox's Bazar. Miyezi ingapo pambuyo pake kudabwera Covid-19. Anthu pafupifupi 1 miliyoni othithikana m'tinyumba ta nsungwi ndi mapepala a pulasitiki adalowa mumliriwo ali mumdima, ndipo mphekesera zidayenda zoti wopezeka ndi matendawa akatengedwa sabwereranso, mwakuti ena odwala ankabisala m'malo mopita kukayezetsa. Intaneti idabwezeretsedwa kumapeto kwa Ogasiti 2020, patatha pafupifupi chaka. Ozembetsa anthu ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, omwe chiletsocho chinkafuna kuwagwira, ndi anthu a ndalama ndi njira zambiri, ndipo sasowa polumikizirana. Wolangidwa adali mayi wofuna kudziwa ngati chifuwa cha mwana wake ndi choopsa. N'chifukwa chake ndikuti yankho la mantha a chitetezo ndi malamulo omveka a kaulutsidwe ka mawu, maphunziro a atolankhani, ndi komiti ya wayilesi yokhala ndi mafuko onse kuti lina lisaigwire lokha. Izi n'zomwe timafuna kwa wayilesi iliyonse, ya nzika kapena ya alendo.

Pali chinthu china chomwe chimabisala kuseri kwa mawu akuti chitetezo, ndipo ndichinene poyera. Nthawi zina chomwe oyang'anira amaopa ndi kufunsidwa. Wayilesi yowerenga zidziwitso za ofesi aliyense amaikonda, koma mtolankhani wa mumsasa wofunsa chifukwa chomwe mpopi wakhala wouma milungu itatu sakhala ndi abwenzi ambiri. Ku Kakuma, atolankhani othawa kwawo adayambitsa nyuzipepala yawoyawo ya KANERE mu 2008, ndipo kukhalapo kwake kumatikumbutsa kuti anthu a m'misasa ali ndi zonena, osati makutu okha. Ufulu wa nkhani uli ndi mbali ziwiri, kumva ndi kuyankha, ndipo bungwe lomwe limangolankhula osamvetsera silidziwa ngakhale kuti uthenga wake sudamveke.

Mfundo yachinayi imachokera kwa ogwira ntchito m'misasa momwemo. Amati njira ilipo kale: fuko lililonse ndi chigawo chilichonse chili ndi atsogoleri, ofesi imawaitana, imawafotokozera, ndipo iwo amakauza anthu awo m'ziyankhulo zawo. Ndi njira yotsika mtengo, yolemekeza chikhalidwe, ndipo atsogoleri ambiri amagwira ntchitoyi mokhulupirika popanda malipiro enieni. Sindikuti ithetsedwe. Koma akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga wodutsa mwa munthu mmodzi umafika utadulidwa, ngakhale munthuyo akhale wolungama, ndipo akakhala wokhota umasanduka katundu wogulitsa. Yemwe amadziwa yekha tsiku lolembetsa mayina a maphunziro aulere amayamba wauza ana a mlongo wake. Komanso atsogoleri ambiri ndi abambo, ochokera m'magulu akuluakulu. Kodi mtsikana yemwe wachitidwa nkhanza ndi m'bale wa mtsogoleriyo akamva kwa yani za komwe angakadandaule? Mu 2002 lipoti la UNHCR ndi Save the Children lidaulula kuti m'misasa ya ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ena mwa ogwira ntchito zachifundo ankagona ndi atsikana posinthanitsa ndi chakudya ndi zinthu zina zomwe zidali zaulere kale. Chida chachikulu cha anthu otere ndi kusadziwa kwa wozunzidwayo kuti chinthucho ndi chake ndi kale, komanso kuti pali khomo lomwe angagogode osadzera kwa aliyense.

Chimodzimodzinso ndi chizolowezi chogwiritsa ntchito ana ngati omasulira. Lowani m'maganizo mwanu m'kachipinda ka chipatala cha mumsasa. Mayi wakhala pabenchi, pambali pake pali mwana wake wamwamuna wa zaka 11 yemwe ndi yekhayo pabanjapo wodziwa chiyankhulo cha adokotala. Vuto la mayiyo ndi la kumaliseche, lomwe lidayamba usiku womwe asilikali adalowa m'mudzi mwawo. Dokotala akufunsa kuti, "Mukumva kupweteka pati?" Mwana akumasulira. Mayi akuyang'ana pansi, kenaka akuloza mutu. Akutuluka ndi mapiritsi a mutu m'manja. Palibe wachita dala choipa m'chipindamo, koma chomwe chidasowa ndi mayi mnzake wophunzitsidwa kumasulira ndi kusunga chinsinsi. Apa ndi pomwe nkhani ya chikhalidwe imaposa ya mawu chabe: womasulira ayenera kukhala munthu yemwe wodwalayo angamuuze zakukhosi, ndipo nthawi zina izi zimatanthauza kuti asakhale wa fuko lomwe wodwalayo adalithawa, ngakhale atayankhula chiyankhulo chake bwinobwino.

Achinyamata ena ali ndi mfundo yawo, yachisanu, yakuti zonsezi ndi zachikale chifukwa masiku ano kuli mafoni, magulu a WhatsApp ndi makina omasulira. N'zoona kuti foni yasintha moyo wa m'misasa. Anthu amapeza abale otayika pa Facebook, amalandira ndalama, ena amaphunzira mpaka kupeza madigiri pa intaneti. Ndikufuna kuti zimenezi zikule, ndipo mayiko omwe amafuna chitupa cha unzika kuti munthu alembetse nambala ya foni ayenera kuvomereza zitupa za othawa kwawo. Koma foni m'banja imakhala imodzi, ndipo kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Kuitchaja kumalira ndalama, mayunitsi nawonso. Makina omasulira amachita bwino pa ziyankhulo zokhala ndi mabuku ambiri, ndipo amapunthwa pa ziyankhulo zing'onozing'ono, zomwe eni ake ndi omwe ali kale kumapeto kwa mzere. Chinanso, WhatsApp imanyamula bodza ndi choonadi pa liwiro limodzi. Pakakhala palibe liwu lodziwika lomwe munthu angatsimikizireko zomwe wamva, foni imangothamangitsa mphekesera.

Otsala ndi omwe amati anthuwa ndi alendo, mlendo ndi mame, ndiye palibe chifukwa chomangira zinthu zokhalitsa. Awa ndiwayankha mwachidule. Misasa ya Dadaab ku Kenya idayamba mu 1991, Kakuma mu 1992, Dzaleka mu 1994. Ana obadwira mmenemo ali ndi ana awo tsopano. Mame a zaka 30 kulibe.

Zomwe ndikupempha sizofuna chuma chodabwitsa. Pa tsiku lolembetsa, munthu aliyense afunsidwe chiyankhulo chomwe amamva bwino, ngati amatha kuwerenga, ndi njira yomwe angakonde kulandirira uthenga, osati kungolemba dziko lomwe wachokera n'kuganizira zotsalazo. Mabungwe ambiri amadziwa chiwerengero cha matenti ndi zidebe zomwe agawa, koma chiwerengero cha oyankhula chiyankhulo chilichonse mumsasa mwawo n'chofunika chimodzimodzi. Omasulira atengedwe mumsasa momwemo, amayi ndi abambo, aphunzitsidwe, ndipo alipidwe ngati antchito, pakuti aphunzitsi, anamwino ndi atolankhani omwe adathawa ndi luso lawo alimo ambiri, akungosowa chochita. Maboma omwe amaletsa othawa kwawo kugwira ntchito aone kuti lamulo lotere limawamana iwo eni anthu omwe akanawathandiza kuyendetsa misasa mwabata. Dziko la Uganda, lomwe lamulo lake la mu 2006 limalola othawa kwawo kuyenda ndi kugwira ntchito, lidasankha njira ina. Ndipo chidziwitso chilichonse chokhudza chakudya, umoyo kapena zitupa chisamatidwe pabolodi chisanawerengedwe pawayilesi ndi pachimkuzamawu m'ziyankhulo zonse za mumsasamo, m'mawa ndi madzulo, komanso pampopi pomwe amayi amakhala pamzere, ndipo pakhale munthu woima pamenepo woyankha mayi wofunsa ngati Lachinayi abwere ndi ana omwe.